Njira zofikitsira nkhani ya mtsinje wa m'dera lanu ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe

Madzi amene anthu ambiri a mumzinda wa Lilongwe amamwa amachokera m'mapiri a Dzalanyama, n'kusungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba lomangidwa mu 1966 ndipo lachiwiri mu 1989, kenako bungwe la Lilongwe Water Board limawayeretsa n'kuwatumiza m'mipope. Mtsinje wa Lilongwe, umene umabweretsa madziwo, ukangolowa pakati pa mzinda timausandutsa dzala. Amene anawolokapo pa milatho yamatabwa ya pakati pa misika ya Tsoka ndi Lizulu amadziwa zimene zimaoneka pansi pa mapazi ake: majumbo okodwa m'mabango, masamba ovunda a kabichi, matewera a ana, mabotolo, ndi madzi otuwa amene amapitirira kumunsi kumene anthu ena amasamba, kuchapa ndi kuthirira madimba, mpaka kukathira mu Linthipe pa ulendo wa kunyanja. Lingadzi, Likuni, Mchesi ndi Nankhaka nayonso ili ndi mavuto ofanana ndi amenewa, popeza mzinda umene kalembera wa 2018 anaupeza ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi ukukulirakulira mofulumira kuposa ngalande zake ndi magalimoto ake onyamula zinyalala.

Magulu ambiri akafuna kuchitapo kanthu amayamba ndi kusesa, makamaka chikhazikitsire tsiku losesa la Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse mu 2020. Kusesa n'kwabwino, koma mvula ikagwa kamodzi zinyalala zimabwerera pamalo pomwepo. Chimene chimakhalitsa ndi nkhani imene yalembedwa m'mabuku a khonsolo, yakambidwa pamsonkhano wa makhansala, ndipo yaikidwira ndalama mu bajeti. Malangizo otsatirawa ndi a mmene anthu wamba a m'dera limodzi angaifikitsire nkhani yawo pamenepo.

Yambani ndi kusankha chigawo chimodzi cha mtsinje chimene mungathe kuchiyenda wapansi m'mawa umodzi, kuchokera pa mlatho wakuti kukafika pa sukulu yakuti. Kalata yonena kuti mitsinje yonse ya mumzinda yaonongeka siyankhidwa, chifukwa palibe ofesala amene angadziwe poyambira, pamene kalata yonena za ngalande imodzi yothira zonyansa kuseri kwa msika winawake imapatsa munthu ntchito yoti achite. Chigawo chimenecho chiyendereni kawiri, m'chilimwe cha mu Seputembala kapena Okutobala pamene madzi aphwa ndipo mapaipi otayira zonyansa akuonekera, ndiponso mvula yoyamba ikangogwa pamene mungaone komwe madzi akudya gombe. Jambulani zithunzi pa foni, ndipo pa chithunzi chilichonse pazioneka chinthu chodziwika, monga mlatho, mtengo waukulu kapena mpanda, kuti wina asadzanene kuti munajambula kwina. Mu kope limodzi lembani tsiku, malo ndi zimene mwaona: maenje a mchenga ndi kuya kwake, mauvuni a njerwa, zimbudzi zomangidwa m'mphepete mwa madzi, nyumba zimene maziko ake ayamba kuonekera.

Musaiwale kufunsa anthu okhalitsa m'deralo kuti madzi anafika pati pa kusefukira kwam'mbuyomu. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo mpaka ena anapulumutsidwa ndi ndege ya asilikali, ndipo mu Disembala chaka chomwecho madzi anaononga nyumba ku Chipasula, Kaliyeka, Mchesi ndi Kawale. Anthu amene anaona zimenezo angakulozereni pakhoma pamene madzi analekezera. Ikanipo chizindikiro ndi penti, mujambule, chifukwa madzi saiwala khwawa, ndipo mzere umenewo ndi umboni umene ofesala woona za mapulani sangaukane. Alangizi a zaumoyo a m'deralo nawonso angakuuzeni makomo amene matenda otsegula m'mimba amabwerezabwereza. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unachedwetsa kutsegulira kwa sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023, unaonetsa poyera mmene madzi auve amaphera anthu, choncho nkhani ya mtsinje mukaiyala ngati nkhani ya umoyo, ofesi ya zaumoyo ya khonsolo imakhala ndi chifukwa chokumverani.

Musanalembe kalata iliyonse, khalani pansi ndi anthu amene amadyera pa mtsinjewo. Apa ndi pamene magulu ambiri amaphonya, ndipo ine ndimaona kuti ndi pamene ntchito yonse imapambanira kapena kufera. Mnyamata amene amalowa m'madzi mbandakucha ndi fosholo, n'kuunjika mchenga pagombe podikira lole, amadziwa bwino kuti gombe likugumuka, koma madzulo ayenera kugula ufa ndi kulipira lendi. Chimodzimodzi mayi wolima mpiru ndi chayinizi padimba, woumba njerwa, wotsuka magalimoto ndi mwini mlatho wamatabwa amene amalipiritsa owoloka. Mukapita kukhonsolo osalankhula nawo, pempho lanu lidzamveka ngati lofuna kuwathamangitsa, ndipo tsiku limene ofesala adzabwere kudzaona malowo adzapeza anthu okwiya, n'kubwerera osachita kanthu. Khansala nayenso sangafune kudana ndi anthu amene anamuvotera.

Pokumana nawo pitani kumene iwo amagwirira ntchito, pa nthawi imene apuma, ndipo mufunse m'malo mowalamula. Afunseni malo amene mchenga umabwerera chaka chilichonse ndi malo amene akakumba gombe limagwa, chifukwa pa zimenezi iwo amadziwa kuposa wina aliyense. Nthawi zambiri pamapezeka zinthu zoti n'kugwirizana: kusakumba pansi pa mlatho ndi pafupi ndi nyumba, kusiya mzere wa udzu pakati pa dimba ndi madzi, kusunthira malo otsukira magalimoto chakumtunda kumene madzi a sopo ndi oilo angalowe m'dzenje la miyala m'malo mothira mumtsinje. Kumbukiraninso kuti wogula mchengawo ndi munthu womanga nyumba kwinakwake mumzinda momwemu, ndipo mwini lole ndiye amapeza phindu lalikulu. Pempho lanu lizikhudza iwonso, makamaka pa nkhani ya zilolezo, kuti chilango chisamangogwera wonyamula fosholo.

Mukamvana, khazikitsani komiti yaing'ono ya anthu osapitirira khumi, momwe mukhale amayi ndi abambo, achinyamata, mmodzi woimira okumba mchenga kapena amadimba, ndi mmodzi wa kumsika ngati ulipo. Kaonaneni ndi a mfumu kapena a buloko lida musanaitanitse msonkhano, ndipo mudziwitse komiti ya chitukuko ya wodi yanu, popeza mapulani a khonsolo amayenera kuyambira m'makomiti amenewa. Azibusa, mashehe ndi aphunzitsi aakulu amathandiza kufalitsa uthenga. Zovala za chipani zisalowe pa misonkhano yanu, chifukwa makhansala amasintha pa chisankho koma mtsinje umakhalapobe, ndipo gulu lodziwika kuti ndi la chipani chakuti limatsekeredwa zitseko chipanicho chikagwa. Ngati mwasonkha ndalama za mayendedwe ndi zosindikizira, zilembedwe m'kope ndipo ziwerengedwe pamaso pa onse.

Chotsatira ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda, popeza mtsinje uli m'manja mwa maofesi angapo ndipo iliyonse imatha kukutumizani kwa inzake. Khonsolo ya mzinda, imene imayendera lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, ndiyo imayang'anira zinyalala, misika, ngalande, mapaki ndi zilolezo zomangira. Ili ndi mbali ziwiri: makhansala osankhidwa ndi anthu, amene amasankha meya pakati pawo, ndi ogwira ntchito olembedwa, otsogoleredwa ndi mkulu wa khonsolo, amene ali ndi nthambi za mapulani, za uinjiniya, za umoyo, ndi za mapaki ndi chilengedwe. Bungwe la National Water Resources Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013, ndilo limapereka zilolezo zopatutsa madzi ndi zotayira madzi auve mumtsinje, ndiponso limayang'anira zochitika m'magombe. Bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lochokera m'lamulo la zachilengedwe la 2017, limaona za kuipitsa chilengedwe ndi kuunika ntchito zikuluzikulu zisanayambe. Ngati vuto ndi nyumba kapena mpanda womangidwa m'gombe, fufuzani amene anagawa malowo, chifukwa malo a mumzinda muno ena ndi a khonsolo, ena a unduna wa zamalo, ena a Malawi Housing Corporation. Vuto lochokera kumtunda, monga kuotcha makala m'nkhalango ya Dzalanyama, likukhudza khonsolo ya boma la Lilongwe ndi nthambi ya zankhalango, osati khonsolo ya mzinda yokha.

Kalata yanu ipite kwa mkulu wa khonsolo, ndipo makope ake apite kwa khansala wanu, kwa meya ndi ku bungwe limene nkhaniyo ikulikhudza. Isapitirire tsamba limodzi, zithunzi ndi mayina a osainira zikhale zomata kumbuyo. Mungailembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi, kapena zonse ziwiri kuti aliyense wosainira adziwe chimene wasainira. Itchule malo, vuto, chiyambire chake, anthu amene akuvutika, zimene inu eni mwachita kale, ndi zopempha zosapitirira zitatu. Mwachitsanzo mungalembe kuti: "Bwana, ife okhala m'mphepete mwa mtsinje kuchokera pa mlatho kukafika pa sukulu tikupempha kuti ofesala wa zaumoyo ndi wa uinjiniya adzayendere malowa pamodzi ndi ife mwezi uno usanathe, kuti paikidwe bini yaikulu ya zinyalala pafupi ndi msika, ndiponso kuti mutiuze polemba kutalika kwa malo oletsedwa kumanga ndi kulima kuchokera m'gombe la mtsinjewu." Pempho lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa yankho lolembedwa ndi khonsolo yeniyeniyo ndi limene mudzagwiritse ntchito wina akadzayamba kukumba maziko m'gombe.

Kalatayo kaperekeni pamanja muli awiri kapena atatu, mutanyamula makope awiri, ndipo mupemphe kuti kope lanu lidindidwe chidindo chosonyeza tsiku limene yalandiridwa. Uthenga wa pa WhatsApp umathandiza kukumbutsa, koma sulowa m'failo. Ngati mukufuna kudziwa ngati munthu wina anapatsidwa chilolezo chomanga, chokumba mchenga kapena chotayira madzi auve, gwiritsani ntchito lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Lamuloli limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira kuti likutsatidwa.

Khansala wanu mutengeni ngati mnzanu pa ntchitoyi, ngakhale simunamuvotere. M'malo mokamudikira kunyumba kwake ndi madandaulo, muitaneni adzayende nanu m'gombe, aime yekha pamene ngalande ikuthira zonyansa, amve fungo lake ndiponso alankhule ndi amayi amene amachapa chakumunsi kwake. Akatha kuona, mufunseni mwaulemu koma molunjika kuti: "Olemekezeka a Khansala, nkhani imeneyi mukaipereka ku komiti iti, ndipo komitiyo ikumana liti?" Nkhani za khonsolo zimayamba zakambidwa m'makomiti ang'onoang'ono, monga ya zaumoyo ndi chilengedwe, ya zantchito ndi ya zachuma, zisanafike ku msonkhano waukulu wa makhansala onse, umene aphungu a Nyumba ya Malamulo a mumzindawu amakhalanso nawo. Anthu wamba amaloledwa kukamvetsera msonkhano waukuluwo, choncho pitani ochepa, mukhale mwabata, ndipo pambuyo pake mupemphe kuona zolembedwa za msonkhanowo kuti mutsimikize kuti nkhani yanu yalowamo ndi mawu otani.

Nthawi yoperekera pempho imafunika kuiganizira. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, zimene zikutanthauza kuti bajeti imakonzedwa miyezi ingapo Epulo asanafike. Pempho lofika mu Meyi lidzayankhidwa kuti ndalama zinagawidwa kale, pamene lofika mu Okutobala kapena Novembala limapeza mapulani akadali pa tebulo. Funsaninso za thumba la chitukuko cha m'dera, limene ambiri amalitchula kuti CDF, popeza mlatho wa oyenda pansi kapena ngalande ndi ntchito zimene thumbali limatha kulipira.

Pa zokonza m'mphepete mwa mtsinje, pemphani zinthu zimene anthu adzagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa malo amene pamadutsa anthu ndiponso pali wowayang'anira satayidwapo zinyalala mwachisawawa. Njira ya oyenda pansi yotsata gombe, mlatho wolimba pamene ana a sukulu amawolokera, malo ochapira a simenti otalikirako ndi madzi, chimbudzi cholipira pafupi ndi msika, bini yaikulu yokhala ndi tsiku lodziwika lodzainyamula, ndi magetsi a dzuwa ounikira usiku ndi zinthu zotheka. Bini yosanyamulidwa imasanduka dzala latsopano, ndiye m'pofunika kuti tsiku lodzatenga zinyalala kupita nazo kumtaya wa ku Area 38 lilembedwe. Zinyalala zambiri za m'misika ndi zowola, monga masamba ndi makoko, ndipo zikasankhidwa padera zimapanga manyowa amene amadimba ndi ogulitsa maluwa angagule. Khonsolo ili kale ndi maganizo osandutsa magombe a Lilongwe ndi Lingadzi kukhala mzere wa zachilengedwe wodutsa mumzinda, kulumikizana ndi nkhalango ya Lilongwe Nature Sanctuary imene Lingadzi amadutsamo, choncho m'kalata yanu sonyezani kuti zimene mukupempha zikugwirizana ndi mapulani ake omwe.

Kubzala mitengo kumafuna nzeru kuposa mmene ambiri amaganizira. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma mbande zobzalidwa kumayambiriro kwa nyengoyi ndi zimene zimapeza mvula yokwanira kuti zigwire. Pamene gombe likugumuka yambani ndi udzu wa vetiva, nsenjere kapena bango, chifukwa mizu yake imagwira dothi msanga, ndipo mitengo ibwere kumbuyo kwake. Mkuyu, katope, mbawa ndi nsungwi zimayenerera m'mphepete mwa madzi, pamene bulugamu amamwa madzi ambiri ndipo ndi bwino kumubzala kutali. Mbande iliyonse itchingidwe ndi kampanda ka nsungwi kapena minga poteteza ku mbuzi, ndipo udzu wozungulira ulambulidwe moto wa m'chilimwe usanayambe. Ndi bwino kubzala mitengo 100 n'kugawa kuti banja lakuti lisamala iyi, kusiyana ndi kubzala masauzande pamaso pa atolankhani n'kusapezanso ndi umodzi womwe mu Okutobala. Pemphani nthambi ya mapaki kapena alangizi a zankhalango kuti akuthandizeni mbande ndi upangiri, ndipo chaka chikatha muwapatse chiwerengero cha imene yapulumuka.

Zimachitika kuti kalata imakhala osayankhidwa. Pakapita masabata atatu lembani yokumbutsa, mutchule tsiku la chidindo cha yoyamba ija, ndipo mupemphe kukumana ndi mkulu wa nthambi yoyenera. Ikalephereka imeneyo, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a anthu amene sanathandizidwe moyenera ndi maofesi a boma, ndipo salipiritsa. Mawailesi ndi manyuzipepala amathandiza kwambiri mukawapatsa zithunzi ndi makalata odindidwa, koma nenani zokhazo zimene mungazitsimikize, ndipo musatchule munthu kuti analandira ziphuphu popanda umboni, kuopa kuti mlandu ungatembenukire inu. Ngati mwaganiza zokapereka chikalata cha madandaulo mutayenda pagulu, dziwitsani akuluakulu a boma ndi apolisi nthawi ikadalipo monga malamulo amanenera. Musagwetse mpanda wa munthu kapena kulanda mafosholo a okumba mchenga, chifukwa mphamvu zimenezo ndi za khonsolo ndi makhoti.

Khoti likhale njira yomaliza, koma dziwani kuti ilipo. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamalira chilengedwe, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaononga thanzi, komanso mwayi wokadandaula kukhoti ufuluwo ukaphwanyidwa. Anthu a ku Area 18 anatsata njira imeneyi mogwirizana pamene madzi a m'mipope yawo anasakanikirana ndi zonyansa za m'suweji mu 2017. Loya aliyense amene mungamufikire adzayamba wakufunsani makalata, masiku ndi zithunzi, zomwe zija munayamba kusunga pa ulendo woyamba wa m'gombe.

Pempho likavomerezedwa, komiti isabalalike. Funsani dzina la kontirakitala, ndalama zimene zaperekedwa ndi tsiku lomalizira ntchito, ndipo mupemphe kuti zimenezi zilembedwe pa chikwangwani pamalopo. Sankhani anthu awiri oti aziona matumba a simenti ndi zitsulo zikamafika, ndipo china chikaoneka chokayikitsa adziwitse injiniya wa khonsolo polemba ntchito isanathe, popeza konkire ikauma kukonza kumakhala kovuta. Ntchito isanaperekedwe m'manja mwanu, gwirizanani ndi khonsolo papepala kuti ndani azitsegula ndi kutsuka chimbudzi, ndalama zolipira ziziperekedwa kuti, galimoto ya zinyalala izibwera tsiku liti, ndipo thabwa la mlatho kapena nyale ikaonongeka uthenga uzipita kwa ofesala uti. Kope la mgwirizanowo likhale ndi mlembi wa komiti, lina kwa a buloko lida, ndipo lina lipachikidwe pamsika pamene aliyense angaliwerenge.